Matayala a njinga yamagetsi: mafunso ndi mayankho pa za kubooka ndi kuterera pamvula

Chiyambireni kukonza njinga za batire, mafunso ambiri amene ndimalandira sakhala a mota kapena a batire ayi. Amakhala a matayala. Ena amafunsa ataima pomwe ndimagwirira ntchito, ena ndi abale amene amaperekera zakudya m'makomo pa njinga ku Cape Town ndi ku London, ndipo amangotumiza chithunzi cha tayala pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndigule liti?" Ndasonkhanitsa pano mafunso obwerabwera aja. Njinga imene tikukamba ndi yakapalasa yokhala ndi batire ndi mota, osati njinga yamoto.

Kodi njinga yamagetsi imafunikadi matayala akeake?

Tayala wamba likakwana pa limu, njinga iyenda ndithu. Vuto ndi loti silichedwa kutha. Njinga yakapalasa wamba imalemera makilogalamu 12 mpaka 15, pomwe yamagetsi nthawi zambiri imakhala pakati pa 20 ndi 30, musanakwerepo inu ndi katundu wanu. Imathamanganso kwa nthawi yaitali, mota imakoka tayala mwamphamvu ponyamuka, ndipo poima mabuleki amafuna zambiri kwa labala yemweyo. Zonsezi zimathera pa kamalo kochepa kamene tayala limakhudza msewu, kosafika ndi chikhatho chomwe.

Choncho mufune tayala la m'mbali molimba, lokhala ndi lamba woteteza mkati, la labala wabwino. Koma chithunzi cha mphenzi pa katoni sichikwanira kukuuzani zimenezi. Muziwerenga zolembedwa pa tayala penipenipo.

Ndingadziwe bwanji saizi yoyenera njinga yanga?

Yang'anani pambali pa tayala lakale. Mupeza manambala awiri olumikizidwa ndi kamzere, monga 47-622 kapena 50-559. Yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kukula kwa limu pomwe tayala limakhala. Yachiwiriyo isasiyane ngakhale ndi milimita imodzi. Odziwika ndi awa: 406 ya mawilo a mainchesi 20, 559 ya 26, 584 ya 27.5, ndi 622 yomwe ena amaitcha 28, ena 700C, ena 29.

Apa ndi pomwe ambiri kuno kwathu amatayira ndalama. Njinga zakuda zachikale zija, zomwe akabaza ambiri amayendetsa, matayala ake amalembedwa 28 x 1½ ndipo limu yake ndi 635. Njinga yamagetsi yolembedwa 28 nthawi zambiri ndi 622. Mukangonena mumsika kuti "ndikufuna 28", akupatsani la 635, ndipo lidzangokhwepa pa limu osagwira. Lembani manambala onse awiri papepala, kapena nyamulani tayala lakalelo.

Zilembo zoti E-25, E-50 ndi ECE-R75 zimatanthauza chiyani?

Ku Britain ndi mayiko a European Union, njinga yamagetsi yoyenda ngati njinga wamba imaloledwa mota ya mawati 250 yomwe imasiya kuthandiza pa liwiro la makilomita 25 pa ola. Makampani monga Schwalbe ndi Continental amalemba E-25 pa matayala omwe akuti ndi oyenera njinga zotere. Palinso njinga zothamanga zofika makilomita 45 pa ola. Zimenezi matayala ake amalembedwa E-50, ndipo amakhala atayesedwa motsatira lamulo la ECE-R75, lomwe ndi la matayala a njinga zamoto.

Ngati njinga yanu imapitirira 25, kapena mumanyamula katundu wolemera tsiku lililonse, tengani la E-50. Kuika la E-50 pa njinga yoyenda pang'onopang'ono sikulakwa, kungoti limalemererako.

Nanga chimene chimateteza tayala kuti lisabooke n'chiyani kwenikweni?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kukhuthala: pansi pa mano a tayala amaikapo labala wina wapadera, kuti munga kapena kachidutswa ka botolo kathere m'njira kasanafike pa chubu. Schwalbe Marathon Plus ili ndi labala wotere wabuluu wokhuthala mamilimita 5, Marathon wamba ili ndi wobiriwira wa mamilimita 3, ndipo Continental Contact Plus imatsata nzeru yomweyo. Njira yachiwiri ndi lamba wopyapyala wolukidwa ndi ulusi wolimba kwambiri, monga Kevlar kapena Vectran. Lambayu amakana kudulidwa ndi galasi ndipo salemera, koma munga wautali wosongoka ngati singano umatha kudutsa pakati pa ulusi. Matayala ena, monga Marathon E-Plus, amaphatikiza zonse ziwiri.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti, chimakubayani n'chiyani kumene mumayendako? Ngati ndi mabotolo osweka ndi timawaya ta m'tauni, njira iliyonse mwa ziwirizi ikuthandizani. Ngati ndi minga ya mthethe m'tinjira ta kumudzi, kukhuthala ndiye kofunika, ndipo muwonjezerepo zomwe ndafotokoza pa funso la madzi omata.

Dziwaninso kuti chitetezo chimenechi chimakhala pakati pokha. M'mbali mwa tayala simukhala lamba, pokhapokha atalemba kuti mwawonjezeredwa. Mwala wakuthwa ukang'amba m'mbali, mamilimita 5 aja sakhala ndi chochita.

Mtengo wa kukhuthala ndi kulemera. Marathon Plus ya saizi yapakati imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa njinga yopalasa ndi miyendo yokha mumalimva pachitunda, koma pa yamagetsi mota imakunyamulirani, mwina batire lingotha msangako pang'ono. Kwa ine kusinthana kumeneku n'kwabwino.

Liliponso tayala losabooka n'komwe?

Alipo matayala opanda mpweya, monga a Tannus, ndipo n'zoona saphwa. Komabe sindiwalangiza kwa munthu amene akuda nkhawa ndi mvula. Tayala la mpweya limapindika n'kukumbatira timiyala ta msewu, pomwe lopanda mpweya limadumphadumpha pamwamba pake, ndipo simungalifewetse tsiku la mvula. Pamsewu wa maenje kugunda konse kumapita ku masipoko, ku limu ndi kumsana kwanu.

Ndinamva kuti matayala olimba kubooka amaterera pamvula. N'zoona?

Pali choonadi chake, ndipo nkhani yonse ya kusankha yagona apa. Chimene chimagwira msewu wonyowa ndi mtundu wa labala. Labala wofewa, makamaka wosakaniza ndi ufa wonga mchenga wosalala wotchedwa silica, amamatirira bwino koma amatha msanga. Labala wouma amakhalitsa koma pamadzi amagwira mochepa. Matayala ambiri oteteza kwambiri amapangidwira kukhalitsa, ndipo chifukwa chokhuthala sapindika mosavuta. Si onse ayi. Opangidwira njinga zamagetsi masiku ano ambiri labala wake anamukonza kuti azigwira bwino, ndipo olakwa kwambiri ndi aja otchipa opanda dzina, olimba ngati pulasitiki.

Ine ndinaphunzira ndi thupi langa. Ndinagula tayala lokhuthala lotsika mtengo pa sitolo ina, ndinaliika kutsogolo, ndinalipopa gwa. Tsiku la mvula yowaza ndikukhota pamsewu wozungulira, osathamanga n'komwe, wilo lakutsogolo linangochoka pansi panga. Panalibe mpata woponda mwendo. Ndinadzuka chigongono chitasupuka, hando itapindika, galimoto itaima mamita ochepa kumbuyo kwanga.

Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti mawilo awiri a njinga sagwira ntchito imodzi. Lakumbuyo limasenza gawo lalikulu la kulemera, limabooka kawirikawiri, ndipo ngati mota ili mmenemo limavuta kuchotsa. Kumeneko ikani chitetezo chonse chomwe mungakwanitse. Lakutsogolo ndi limene limakhota ndi kuimitsa njinga. Lakumbuyo likaterera mumatha kuwongola, koma lakutsogolo likaterera mumagwa nthawi yomweyo. Kumeneko ikani tayala la labala wogwira bwino, ngakhale lamba wake akhale wopyapyala. Palibe lamulo loti matayala awiriwo akhale a mtundu umodzi, bola saizi ya limu igwirizane.

Muli m'sitolo, kanikizani chikhadabo pa mano a tayala. Labala wabwino amalola chikhadabo kulowa pang'ono ndipo chala chikamakhula chimakakamira. Ngati akunyezimira ndipo chala chikungotsetsereka, musaliike kutsogolo.

Kodi tayala la mano akuluakulu si ndiye labwino pamvula?

Zimatengera msewu. Pa tala, ayi. Galimoto imafuna ngalande zakuya pa tayala chifukwa tayala lake n'lotambalala ndipo imathamanga kwambiri, moti madzi amatha kuinyamula. Tayala la njinga n'lopapatiza ndi lozungulira, limang'amba madzi lokha pa liwiro lomwe njinga imayenda. Pa tala wonyowa chofunika ndi kuchuluka kwa labala wokhudza pansi. Mano ataliatali otalikirana amachepetsa labalayo, ndipo pokhota amapinda. Tayala la timizere tosazama limaposa la mano a njinga zam'mapiri.

Pa dothi nkhani imatembenuka. Katondo akanyowa amaterera ngati sopo, ndipo pamenepo mano ndi amene amaluma. Makande amamatirira n'kudzaza mipata, choncho mumafuna mano otalikirana kuti matope azigwa okha, komanso mpata wokwanira pansi pa madigadi.

Ambiri a ife timayenda monse muwiri: kuchoka kunyumba pa dothi, kukalowa mu tala. Tengani tayala lokhala ndi mzere wogwirana pakati ndi mano m'mbali.

Ndizipopa mpweya wochuluka bwanji?

Mukanati mungowerenga yankho limodzi, ndikanasankha ili. Tayala lodula lokhala ndi mpweya wolakwika limagonja kwa tayala lapakati lopopedwa bwino.

Pambali pa tayala palembedwa malire a mpweya, m'miyeso yotchedwa bar kapena psi. Bar imodzi ndi pafupifupi psi 14.5. Tayala la mamilimita 47 nthawi zambiri limalembedwa cha pakati pa bar 3 ndi 5, pomwe matayala onenepa a mainchesi 4 aja sapitirira bar 2. Nambala yapamwamba si yoti muzifikapo, ndi mpanda chabe. Munthu wa thupi lapakati ayambire chapakati, lakumbuyo likhale lolimbirako kuposa lakutsogolo ndi pafupifupi theka la bar. Mukasenza katundu, onjezerani kumbuyo.

Mpweya ukachepa, mukagunda dzenje kapena hampu chubu chimapanidwa pakati pa limu ndi msewu n'kubooka malo awiri oyandikana ngati molumidwa ndi njoka. Lamba woteteza sathandiza pamenepa. M'mbali mwa tayala mumayambanso kung'aluka, ndipo batire limatha msanga. Mpweya ukachuluka, tayala limadumpha, labala wokhudza pansi amachepa, ndipo pamvula mumaterera. Tsiku la mvula mutha kuphwetsako pang'ono, bar 0.3 mpaka 0.5, koma musatsike kupitirira malire apansi.

Kutsina ndi chala kumanamiza pa matayala okhuthala, chifukwa amamveka olimba ngakhale mpweya utatsika ndi theka. Gulani pampu ya geji, muziyeza sabata iliyonse. Chubu chabwinobwino chimatha kutaya pafupifupi bar imodzi pamwezi popanda kubooka. Onaninso kuti pampu ikugwirizana ndi valavu yanu: pali yonga ya galimoto yotchedwa Schrader, yowonda ya Presta, ndi ya Dunlop yomwe tinaizolowera pa njinga zakale.

Kodi ndingaike tayala lotambalala kuposa lomwe linabwera ndi njinga?

Nthawi zambiri inde, ndipo zimathandiza: tayala lotambalala limayenda ndi mpweya wocheperako popanda kupana chubu, choncho limagwira bwino ndipo limameza maenje. Mamilimita 47 mpaka 55 ndi abwino pa misewu yathu. Onetsetsani kuti pakutsala mpata wa mamilimita osachepera 5 kapena 6 pakati pa tayala ndi felemu ndi madigadi, ndiponso kuti limu si yopapatiza kwambiri, chifukwa tayala lalikulu pa limu yowonda limagwedera pokhota.

N'chifukwa chiyani ndimabooletsa kwambiri nyengo ya dzinja?

Simuli nokha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ntchito yomata machubu imachuluka. Madzi amakokolera magalasi, misomali ndi timiyala m'mphepete mwa msewu, momwe njinga zimadutsa. Tayala lonyowa limatola zinthuzi, zimakakamira, ndipo wilo likamazungulira zimakhomeredwa pang'onopang'ono. Komanso labala wonyowa amadulika mosavuta. Yesani kudula chubu chakale ndi mpeni wouma, kenako munyowetse mpeniwo, muona kusiyana.

Mukafika kunyumba, zunguzani wilo pang'onopang'ono n'kuchotsa tizidutswa tomwe talowa m'labala ndi nsonga ya waya. Tambiri timatenga masiku tisanafike pa chubu. Mphindi ziwiri zimenezi zimapulumutsa maulendo ambiri.

Ndi malo ati omwe amaterera ngakhale tayala likhale labwino?

Mizere yopentedwa ya powolokera anthu, zivundikiro zachitsulo za ngalande, njanji, milatho ya matabwa, masamba onyowa, ndi pomwe maminibasi amaima chifukwa cha mafuta odontha. Chitsulo chonyowa palibe labala amene amachigwira bwino. Dutsanipo njinga ili chilili, osakhota, osagwira buleki, ndipo njanji muziidula mopingasa.

Mvula yoopsa kwambiri si yamkuntho ayi. Ndi yoyamba ija, chizimalupsa, ikagwa pa tala yemwe wakhala miyezi akusonkhanitsa fumbi ndi mafuta. Chiperoni cha ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mu Juni ndi Julayi n'chimodzimodzi: chimanyowetsa msewu osautsuka. Kwa a ku Cape Town, nyengo yake ndi ya miyezi yozizira.

Pa njinga yamagetsi pali chinanso. Tsitsani mphamvu ya mota mvula ikagwa, chifukwa ikakoka mwadzidzidzi muli pakati pokhota, wilo limazungulira pamalo amodzi. Ngati mota ili mu wilo lakutsogolo, samalani kawiri. Ndipo tayala latsopano limakhala ndi kamafuta ka kufakitale, choncho makilomita oyambirira muziyenda mofatsa.

Madzi omata zibowo aja, tubeless, ndi malamba oika mkati: zimathandiza?

Madzi omata, monga Slime, amathiridwa m'chubu ndipo amatseka tizibowo ta minga mukuyenda. Pa minga amagwiradi ntchito. Sathandiza pa chubu chopanidwa kapena chong'ambika, amatha kutseka valavu, ndipo pomata chigamba muyenera kupukuta bwino kuti solushoni igwire.

Tubeless ndi tayala lopanda chubu, lokhala ndi madzi omata mkati. Kupana chubu kulibe, mutha kuyenda ndi mpweya wochepa, ndipo kugwira pamvula n'kwabwino. Koma limu ndi tayala ziyenera kukhala zopangidwira zimenezo, ndipo madziwo amauma pakatha miyezi ingapo, msanga kwambiri kotentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje. Ngati simungawapeze pafupi, khalani pa chubu.

Malamba oika pakati pa tayala ndi chubu amathandiza tayala lopyapyala, koma nsonga yake imatha kudya chubu ngati simunaisalaze. Ena amadula tayala lakale n'kulilowetsa mkati mwa linzake. Zimachepetsa minga, inde, koma wilo limalemera n'kuuma, ndipo kutsogolo sindingalole.

Ndaika tayala latsopano koma likungophwabe. Chalakwika n'chiyani?

Chubu chimanena chokha. Chibowo chikakhala kunja, koyang'ana msewu, chobayacho chikadali m'tayala. Chikakhala mkati, koyang'ana masipoko, ndiye kuti tepi ya pa limu yasuntha kapena yatha. Zibowo ziwiri zoyandikana, bwererani ku funso la mpweya. Chikang'ambika patsinde pa valavu, tayala likutsetsereka pa limu, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi mpweya wochepa womwewo.

Mayi wina anabwera katatu sabata imodzi, chibowo chili pamalo amodzimodzi. Ndi maso sindinaone kanthu, ndi chala sindinamve kanthu. Ndinatenga thonje n'kupukuta mkati mwa tayala mozungulira, ndipo linakodwa pa kawaya kowonda ngati tsitsi, ka m'matayala a malole, komwe kamangotuluka tayala likapondedwa. Kuyambira apo poika tayala ndimalunjikitsa dzina lake pa valavu, kuti chibowo cha pa chubu chizindilozera pofufuza.

Wilo lakumbuyo lili ndi mota. Likabooka panjira nditani?

Nthawi zambiri simufunika kulichotsa. Zimitsani njinga, tsegulani mbali imodzi ya tayala, kokani chubu wilo lili pomwepo, pezani chibowo, matani chigamba. Muziyenda ndi zigamba, solushoni, zotsegulira tayala ndi pampu. Palinso chubu cha Gaadi chomwe chili ndi nsonga ziwiri m'malo mokhala chozungulira, chimalowa osachotsa wilo.

Ngati muyenera kulichotsa, jambulani kaye ndi foni mmene mawashala akhalira. Lumulani waya wa mota polumikizira pake, osaukoka, ndipo pobwezera lunjikitsani timivi tiwiri tomwe tili pamenepo. Manati ambiri amafuna sipanala ya 18 kapena 19. Mawashala a kamlomo aja ndi amene amaletsa chitsulo cha mota kuzungulira m'felemu, asaiwalike.

Ndisinthe liti tayala, ndipo latsopano lipite kuti?

Sinthani pakati pakaphwatalala, mtundu wa labala wamkati ukayamba kuonekera, m'mbali mukachita ming'alu yoonetsa ulusi, pakatupa chotupa, kapena kubooka kukangochuluka. Labala amaumanso ndi dzuwa ngakhale mano akadalipo, choncho njinga muziisunga pamthunzi. Lakumbuyo limatha msanga, kawiri kapena kuposa. Ngati matayala anu ndi a mtundu umodzi, lakutsogolo lipite kumbuyo, latsopano kutsogolo. Tayala lotha lisapite kutsogolo. Onaninso kamuvi kosonyeza kozungulira, ndipo ngati lilipo la mzere wowala m'mbali, tengani limenelo chifukwa cha madzulo a mvula.

Ndili ku Britain. Nanga pa madzi oundana?

Labala yekha sagwira pamenepo. Pali matayala a timisomali, monga Marathon Winter, oika miyezi yozizira yokha. Ngati mulibe, m'mawa woundana njinga itsale.

Ndalama zangokwana chinthu chimodzi. Ndiyambire pati?

Pampu ya geji. Kenako onani lakutsogolo: ngati ndi louma kapena lotha, yambani ndi limenelo, chifukwa chubu chimamatika koma fupa limatenga miyezi. Ngati lili bwino, ndalamazo zipite ku tayala lokhuthala lakumbuyo, pamodzi ndi chubu ndi tepi yatsopano ya pa limu.

Tayala lokhuthalali likukana kulowa pa limu. Ndilikakamize ndi sikuludiraiva?

Ayi, mubaya chubu chatsopano kapena kupinda limu. Liikeni padzuwa mphindi zingapo kuti lifewe. Lowetsani mbali imodzi, ikani chubu chili ndi kampweya pang'ono, kenako yambani mbali yachiwiri kuchokera moyang'anana ndi valavu kuti mukamalizire pa valavupo. Pakati pa limu pali ngalande yozama. Finyani milomo ya tayala kuti igwere mmenemo kuzungulira wilo lonse, ndipo pomwe mwalowetsa kale mangani ndi tizingwe tiwiri kapena titatu kuti pasatulukenso. Mpata womwe mukuusowa kumapeto umachokera m'ngalandemo. Madzi a sopo pang'ono amathandiza gawo lomaliza.

Likalowa, kankhirani valavu mkati pang'ono kuti chubu chisapanidwe patsinde pake, popani theka, zunguzani wilo n'kuona ngati kamzere ka m'mphepete mwa tayala kakuoneka mofanana mbali zonse ziwiri. Ngati pena kalowa, phwetsani, finyani pamenepo, popaninso mpaka kafanane, kenako mufikitse mpweya pa mlingo wanu.